Burashi ya a Geti

Pansi pa shedi ija panali mzere wa penti yachikasu, wochokera pakhomo mpaka kukhoma lakumbuyo. Amene anaujambula anali anthu awiri a mimba imodzi, ndipo anaujambula akukangana. Kumanzere kunali kwa mkulu, amene msewu wonse unkangowatchula kuti a Geti, poti ntchito yawo inali kuwotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo. Kumanja kunali kwa mng'ono wawo, a Galasi. Dzinali linabwera chifukwa chitsulo chikachoka m'manja mwawo, munthu ankatha kumeta ndevu akudziyang'anira pomwepo.

A Galasi ankapanga chinthu chimodzi chokha basi: mapuleti a pamsana a anthu ogwira ntchito pansi pa madzi. Puleti yotere ndi chitsulo chafulati, chachikulu ngati thireyi ya tiyi, chopindidwa pakati kuti chigone bwino pamsana, ndipo chimakhala ndi timipata tolowetsamo malamba. Silinda ya mpweya imamangidwa pamenepo, munthu n'kubereka zonsezo ngati mwana, n'kumira nazo. Chitsulo chake ndi sitenilesi, chija anthu amachitama kuti sichichita dzimbiri.

Amachitama chifukwa sachigwira. Sitenilesi ili ndi kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamaiteteza, ndipo kakhunguko sikachedwa kukhumudwa. Ukangoipala ndi burashi imene inadutsapo pa chitsulo wamba, tifumbi ta chitsulocho timakanirira m'timizere. Uli m'shedi suona kanthu, puleti imangowala. Zimakatulukira kunyanja, madzi amchere akainyambita, timadontho tofiirira n'kuyamba kumera. Mzere wachikasu unali wa zimenezi. Burashi, tupa, sandipepa, ngakhale kansalu kopukutira, cha kumanzere sichinkawoloka. Pamwamba pa mzerewo pankalendewera chinsalu chokhuthala chotchinga fumbi la girayinda, makina opalira zitsulo.

"Chitsulo chakocho n'chamatama," a Geti ankatero ali kuseri kwa chinsalu. "Changa ndimachimenya ndi hamala, n'kundithokoza. Chako ukangochiyang'ana moipa, chagona kale kuchipatala."

 Kuyankha sinali mphatso ya a Galasi.

Panali china chimene a Geti sankachinena, mwina chifukwa cha chisoni. Geti likadya mvula zingapo limachita dzimbiri, mwini wake n'kubwera kudzadandaula. Akabwera amakhala pa chitini cha penti, amwe tiyi, anene za ana, za mpira, za mnansi wovuta, geti n'kuiwalika. Kumanzere kunkangokhalira phokoso. Kumanja munthu ankabwera kamodzi, kutenga puleti yake, kuitembenuza uku ndi uku, kuyamikira, n'kupita. Puleti ya a Galasi sinkabwerera, ndiye mwini wake akanabwereranji? Ntchito yabwino inawasiya opanda wocheza naye. Kukwatira sanakwatire. Ankati adzakwatira ntchito ikachepa, ndipo inachepadi, koma imvi zitafika kale. Macheza onse amene ankawamva pa moyo wawo ankachita kudutsa pachinsalu chija.

Kenako a Geti anadwala chifuwa chosamva mankhwala, ndipo nyengo yozizira isanathe anamwalira.

Maliro atatha, a Galasi sanakhudze kalikonse kumanzere. Geti lomaliza linatsamira khoma, lopentedwa theka. Wailesi inali pawindo, magolovesi ali pa benchi zala zake zili zopindika, burashi ya waya ili pa msomali wake, chogwirira chitada ndi thukuta. Makasitomala ankasuzumira, kupepesa, n'kufunsa kumene angapeze wowotcherera wina. Patapita nthawi analeka ngakhale kusuzumirako. A Galasi ankakokabe chinsalu m'mawa uliwonse, ngakhale kunalibenso fumbi loti litchingidwe. Kusungulumwa kunkawapweteka kwambiri masana, nthawi ya tiyi, akazindikira kuti atsuka makapu awiri.

Wachibale amene anawatsalira anali mmodzi, mwana wamkazi wa a Geti. Ankamutchula kuti Bakha, chifukwa ali wamng'ono akasowa ankakamupeza mu mgolo wa madzi oziziritsira zitsulo. Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndiye anakulira m'shedi momwemo, pakati pa amuna awiri ndi mzere umodzi. Atakula anapita kutali kunyanja yamchere, kumene ankagwira ntchito yopala kunsi kwa masitima apamadzi. Ankabwera mwa apo ndi apo kudzaona bambo ake. Ulendo uno anabwera kudzatulutsa katundu m'nyumba ya lendi imene bamboyo ankakhala, n'kubweza makiyi. A Galasi anaganiza okha mumtima kuti nyumbayo ikatsekedwa, mwanayu kuno adzatsatanso chiyani? Ankafunitsitsa kuti azibwerabe, koma pakamwa pawo sipankadziwa kupempha chinthu chotere.

Bakha analowa m'shedi tsiku lina m'mawa, n'kuima pamzere phazi lina uku lina uku, monga ankachitira ali mwana akafuna kuputa onse awiri.

"Bambo aang'ono, mundipangire puleti."

"Ulibe puleti iwe? Umamira ndi chiyani?"

"Ya kampani. Timachita kusinthana. Inakhota, ndipo imandiluma apa." Analoza pansi pa phewa. "Zaka zonsezi mukupangira anthu osawadziwa, mwana wanu ndikubereka zobwereka. Si manyazi amenewo?"

"Sunapemphe."

"Ndapempha lero."

Anamuyeza msana ndi tepi, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, n'kulemba ndi choko pa benchi. Kenako anatulutsa chitsulo chimene ankachisunga kuseri kwa kabati, chokutidwa ndi pulasitiki, chimene ankakana kupangira munthu wamba.

Kudula ndi kupinda sizinkawatengera nthawi. Ntchito yeniyeni ya a Galasi inkayamba pamene wina akanati watha. M'mphepete monse anadutsamo ndi tupa mpaka kuthwa konse kutachoka. Timipata ta malamba ndi timene ankatiopa kwambiri, chifukwa kampata kakuthwa kamadya lamba mwakachetechete. Anali ndi sokosi yopyapyala ya amayi imene ankaisunga m'kabotolo, ndipo a Geti anawaseka nayo zaka zambiri, amvekere munthu wosakwatira anaitenga kuti imeneyo. Sokosiyo ankailowetsa m'kampata kalikonse n'kuikoka pang'onopang'ono. Ikangokola ulusi umodzi, ankabwerezanso kupala. Atatha izo anatenga sandipepa, kuyambira yokakala mpaka yosalala, dzanja likungolowera mbali imodzi, osabwerera. Chomaliza chinali kuviika. Ankasungunula asidi wa ufa, uja wowawasa ngati mandimu, m'beseni la madzi otentha osafika powira, n'kumiza puletiyo. Asidiyo amadya kafumbi kalikonse ka chitsulo wamba kamene kasochera, osakhudza sitenilesi. Ukatsuka n'kuumitsa pamphepo, kakhungu kaja kamamera katsopano.

Masiku amenewo Bakha ankabwera masana aliwonse atatopa ndi kulongedza. Ankakankha chinsalu chija mpaka kukhoma, n'kukhala pa chitini cha penti cha bambo ake. Makapu awiri aja anapezanso ntchito.

"Inu ntchito yangayi mukanaikonda," anatero tsiku lina. "Pansi pa madzi palibe wokuyankhulitsa. Umangomva mpweya wako wokha, kulowa, kutuluka. Mnzako akafuna kunena kanthu amangokweza chala."

"Ndiye iwe wolongololawe umapirira bwanji?"

"Ndimasunga. Ndikatuluka onse amathawa."

A Galasi anaseka mpaka kukhosomola. Anadabwa kumva kuseka kwawo m'shedi muja, kunamveka ngati kwa mlendo.

Tsiku lonyamuka linafika puleti itaviikidwa kale, itauma, ili pa benchi kudikira malamba. A Galasi anatuluka kukatunga madzi a tiyi pampopi wa kuseri. Pobwerera, asanafike pakhomo, anamva phokoso limene ankalidziwa kuposa mawu a munthu aliyense: shwe, shwe, shwe. Burashi ya waya. Kumanja kwa mzere burashi yawo inali ya waya wofewa, yolira motsika. Iyi inali yolira mokakala.

Bakha anali atakhala pa mpando wa a Galasi, puleti ili pamaondo, akupala mbali yogona pamsana ndi burashi ya bambo ake. Pamsomali wa kumanzere panali popanda kanthu. A Galasi anatsegula pakamwa kuti akuwe. Akanakhala munthu wina aliyense, akanamulanda burashiyo n'kuiponya kumsewu, mwina ndi mwini wake yemwe. Koma anaona mapewa a mwanayo akugwedezeka, misozi ikugwera pachitsulo. Anangoima ndi ketulo m'manja, madzi akudonthera pa nsapato.

Bakha anatembenuka, n'kupukuta mphuno ndi mkono.

"Ndimafuna ababa nawonso aikepo dzanja," anatero.

"Chabwino," anayankha a Galasi. Mumtima ankati mwanayu wakhalitsa kunyanja, malamulo a m'shedi anaiwala.

Iye anakabweza burashi pamsomali wake. "Ndikupita kumanda kukatsanzika. Basi ndi ya madzulo, ndidzera konkuno. Mundiikire malamba."

Atatuluka, a Galasi ananyamula puleti ija n'kuipendeketsa pawindo. Timizere tatsopano tinali pamenepo, topingasa, todutsa pa ntchito yawo yonse. Fumbi silinkaoneka, koma ankadziwa kuti lilimo, fumbi la mageti a msewu wonse. Anayatsa sitovu kuti atenthetse madzi a beseni. Kenako anaizimitsa.

Ganizo linawabwerera lokha, osaliitana. Akaisiya chonchi, ikangolawa mchere ichita dzimbiri. Ikachita dzimbiri, ndani wina angaikonze? Bakha adzaikulunga m'thaulo, adzakwera nayo basi, adzalowa pakhomo ili akudandaula ngati makasitomala a a Geti. Adzakhala pa chitini. Ndipo ukaipala mosafikapo, dzimbiri limabwereranso, mwini wake n'kubwereranso. Zaka zonsezi mkulu wawo ankadya macheza chifukwa cha dzimbiri, nanga iwo kulawako kamodzi kokha n'kulakwa? Si iwo amene achita. Wachita yekha mwanayo, ndi manja ake. Iwo chawo n'kungokhala chete, ndipo kukhala chete ankakutha kuposa wina aliyense.

Anatenga malamba n'kuyamba kulowetsa. Lamba woyamba atadutsa m'kampata ka paphewa, chala chawo chinaima. Burashi ija inali itadutsa pomwepo, m'mphepete mwa kampatako. Dzimbiri likazika malo otere limakumba timaenje, pamakhala pokakala, lamba n'kumadyeka pang'onopang'ono kunsi kumene maso safika. Mwina sizikanafika pamenepo. Mwina mwanayo akanaona msanga. Koma anamuona m'maganizo ali kunsi kwa sitima, kumdima, mpweya wake wonse uli pa lamba ameneyo. Mwana wa mkulu wawo, uja ankamuvuula mu mgolo ali chinyowere.

Anasolola lamba uja, n'kuyatsanso sitovu. Madzi atatentha anathira ufa, n'kumiza puleti. Anakhala pambali pa beseni manja ali pamaondo, akuyang'ana madzi osasintha mtundu. Zinawawawa. Ankadziwa kuti akutsuka chifukwa chokhacho chimene chikanabweretsa munthu pakhomo pawo. Atavuula anatsuka ndi madzi ambiri, n'kuiimika pamphepo. Timizere ta burashi tinatsala momwemo, asidi sachotsa mizere. Chimene chinachoka n'chosaoneka, ndiye panalibe choti Bakha angazindikire.

Madzulo Bakha anabwera maso ali ofiira. Anabereka puletiyo pamwamba pa malaya, n'kugwedeza mapewa.

"Iyi ndiye siluma," anatero. Anawakumbatira mwachangu, chitsulo chili pamsana, n'kuthamangira basi.

Mvula inabwera, inagwa, inapita. Geti lopentedwa theka lija linayamba kufiira mbali yosapentayo. Kumanja kunkabwera oda mwa apo ndi apo, munthu kutenga puleti, kuyamikira, n'kupita. A Galasi analeka kutsuka kapu yachiwiri, anangoivundikira pashelefu.

Foni inalira tsiku lina masana ali pakati popala. Anavula golovesi ndi mano.

"Bambo aang'ono, puleti ija munaichita chiyani?" Mawu a Bakha ankamveka pamodzi ndi mphepo.

"Yatani? Yachita dzimbiri?" Mtima wawo unadumpha, ndipo anachita manyazi pozindikira kuti wadumpha ndi chimwemwe.

"Ayi. N'chimene ndikufunsa. Ndamira nayo tsiku ndi tsiku. Ndinaleka ngakhale kuitsuka ndi madzi abwino, ndimaisiya ndi mchere wake dala. Anzanga akuti ndapenga. Koma ili mbee, ngakhale kadontho."

A Galasi anakhala pansi. "Ndinaiviikanso. Utapita kumanda."



"Ndinaona ngati waiwala," anapitiriza a Galasi. "Burashi ya kumanzere ija..."

"Kuiwala? Ineyo?" Mawu a Bakha anakwera. "Ndinaphunzirira kuyenda pa mzere umene uja. Munandikalipira mpaka ndinalira chifukwa chowolotsa kansalu, mwaiwala ndinu. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ababa anandisiyira chiyani choti ndinganyamule? Geti? Ndimafuna chitsulo chawo chikhalemo, ndizichiona chikutuluka. Chikachuluka ndimati ndizibwera nayo, muzindikalipira, muzipala, ine ndikumwa tiyi pa chitini. Mmene ankachitira makasitomala a ababa."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Inuyo munanena? Munaima ndi ketulo n'kuti chabwino."

"Malamba akanadyeka."

"Malamba ndimasintha, bambo aang'ono." Anaseka, koma kuseka kwake kunali konyowa. "Basi, mwaipanga yosafa. Imeneyi simudzaionanso."

Mawu amenewo a Galasi anali atawamva kwa makasitomala ambiri, ndipo nthawi zonse ankakhala oyamikira. Anayang'ana kumanzere, ku magolovesi a zala zopindika aja. Kenako ananena chimene sananenepo kwa munthu chibadwire.

"Kuno ndili ndekha, mwanawe."

"Ndikudziwa," anatero Bakha motsitsa. "Kunonso." Wina anamuitana chapatali, injini n'kulira. "Boti likunyamuka. Ndidzaimbanso."

A Galasi anaika foni pa benchi. Atadzuka anapita ku bokosi la zidutswa, n'kuyamba kufufuza. Chidutswa chilichonse ankachidziwa kumene chinachokera. Pansi penipeni anapeza kangodya kamene anadula pa puleti ya Bakha, kokwana m'chikhato. Anakasalaza m'mphepete, anabowola kabowo kolowa chingwe, anadutsitsamo sokosi ija, ndipo sinakole.

Kenako anakankha chinsalu, anawoloka mzere, n'kuchotsa burashi pamsomali. Chogwirira chake chinali chodyeka mbali ya chala chachikulu cha mkulu wawo. Anabwerera nayo kumanja, pa benchi yawo yeniyeni, n'kupala kachidutswako mbali zonse ziwiri, mwamphamvu, mopingasa, monga sanachitirepo pa chitsulo chilichonse. Anavundukula kapu yachiwiri ija, anathiramo madzi ndi mchere wodzaza dzanja, anaviikamo kachitsuloko, n'kukaimika pawindo. M'mawa uliwonse ankakanyowetsanso.

Timadontho tinatuluka pang'onopang'ono, poyamba tachikasu, kenako tofiirira, totsatira njira imene burashi inadutsa. Chinali chinthu choyamba kuchita dzimbiri kumanja kwa mzere uja, ndipo a Galasi ankachiyang'ana nthawi ya tiyi ngati munthu woyang'ana mbewu zake.

Atakhutira anatenga foni. Kuimbira munthu sinali mphatso yawonso, anachita kufufuza nambala. Inalira, inalira, osayankhidwa. Nthawi imeneyo Bakha ayenera kuti anali pansi pa madzi. Mawu a makina anawauza kuti asiye uthenga.

"Ndine bambo ako aang'ono," anatero, ngati pali wina amene akanaimba ndi mawu amenewo. "Pali kanthu kako kuno. N'kachidutswa ka puleti yako yomwe ija, ababa ako aikapo dzanja. Kachita dzimbiri bwinobwino. Pa basi sinditumiza. Kali pawindo. Ubwere udzatenge."

Anadula foni. Chinsalu sanachikokenso. Anathira tiyi m'kapu yawo, anawoloka mzere, n'kukhala pa chitini cha penti, moyang'ana kukhomo.